Katoni Yosatsegula

"Alamu, ine ndangofunsa. Maphunziro amenewa aitana azamba kapena aitana oyang'anira zipatala?"

Namwino anali ataima pakhomo la pabalaza, akadali mu yunifomu, nsapato zili m'manja. A Dokotala, omwe ankayang'anira chipatala chaching'ono chimene chinali kutsogolo kwa nyumbayo, sanadzutse mutu. Anapitiriza kupinda malaya ndi kuwalongedza m'chikwama. Mkazi wawo, amene anthu onse ankangomutchula kuti Adona, anali pampando akupatula ulusi wolukira tsitsi, poti ntchito yake inali yoluka amayi pakhonde. Iye ndi Namwino anali a bere limodzi, ndipo Namwino ankagona m'chipinda chakumbuyo chifukwa nyumba za ogwira ntchito zinali zosakwanira.

"Aitana chipatala," anayankha a Dokotala. "Ndipo mutu wa chipatala chino ndine."

"Koma amene amagwira amayi akamachira ndine. Kumeneko akukaphunzitsa njira zatsopano zoletsera magazi mayi akabereka. Ife kusukulu zimenezo sitinazione. Inu m'chipinda chochilira chija munalowamo liti?"

"Ukachoka iwe, kutsala ndani? Mzamba ulipo wekha."

"Mungatsale inu. Si paja munaphunzira zonse? Maphunziro a katemera munapita inu, obaya katemera n'kutsala. A makanda obadwa masiku osakwana munapita inu, ine n'kutsala. A madzi ndi zimbudzi, anzathu oyendera m'makomo aja anangomva kuti mwabwerako. Mukudziwa dzina limene akupatsani kumsika? Akuti a Semina."

"Iwe, pakamwa," anatero Adona. "Ukulankhula ndi alamu ako, eni nyumba imene ukugonamo."

"Asisi, ndanama?"

Adona anayang'ana ulusi umene unali pamiyendo pake. Mng'ono wakeyo sananame, ndipo iye ankadziwa. Koma ankadziwanso kuti mipando imene anakhalirayo, filiji ya kukhitchini, ngakhale zikwama zimene ana ake ankanyamulira mabuku, zonse zinabwera ndi maulendo omwewo. Mwamuna wake akachoka, ankabwerako ndi kanthu m'thumba, ndipo sankaumira.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mng'ono wanga," anatero mofatsa. "Nthawi yako idzakwana."

"Nkhono imeneyi ndaidikira mpaka tsitsi layamba kuchita imvi, maso ake osatuluka. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, asisi. Nzeru zonse zikamangothera m'mutu umodzi, ife manja athu adzagwira chiyani?"

A Dokotala anatseka chikwama chija n'kumwetulira ngati munthu wonyengerera mwana. "Mlamu, usadye mutu. Ndikabwera tidzakhala pansi tsiku lathunthu. Chilichonse chimene ndikaone ndidzakusonyeza."

"Ngati mmene munandisonyezera za makanda zija?"

Namwino anapita kuchipinda kwake, ndipo tsiku limenelo sanadye nawo patebulo.

A Dokotala anakhalako sabata yonse. Anabwera atanenepa masaya, akusimba za hotela imene madzi otentha ankatuluka pampopi nthawi iliyonse. Anabweretsa setifiketi imene Adona anaipachika pakhoma pafupi ndi zinzake, sikipa yolembedwa za uchembere wabwino, ndi katoni yaikulu yomatidwa ndi tepi.

"Izi ndi zida zimene atipatsa," anatero. "Kuchipatala zinthu zimamera miyendo. Zikhale muno mpaka nditapeza mpata."

Anakwera pampando n'kuika katoniyo pamwamba pa wodilopu ya kuchipinda kwawo.

Mpatawo sunapezeke. Namwino akafunsa m'mawa, yankho linali lakuti odwala achuluka. Akafunsa madzulo, a Dokotala anali atatopa. Kenaka kunabwera msonkhano wina wa za malungo, ndipo anapitanso. Tsiku lina Namwino anapempha kuti angomupatsa katoniyo aone yekha zimene zinali m'katimo.

"Safunsa anadya phula," anatero a Dokotala. "Zida zimenezi n'zofunika wokusonyeza. Ungaziwononge."

"Ndiye ndikufunsatu, alamu."

"Sabata ya mawa."

Masiku omwewo kunabwera mkazi wa telala kudzalukitsa tsitsi. Mwamuna wake anali ndi kashopu kosokera kutsidya kwa msewu, ndipo iye anali kasitomala wa Adona wakalekale. Mimba inali itafika pakhosi, moti anakhala pampasa movutikira, miyendo ili tambalale.

"Mundiluke zolimba, Adona," anatero akuseka. "Ndisakaoneke ngati nkhuku yonyowa pamaso pa mng'ono wanu. Mwana akamatuluka aone kuti mayi ake ndi dona nawonso."

"Wachitatuyu ndiye womaliza?"

"Bambo ake akuti womaliza. Ananenanso choncho pa wachiwiri. Munthu wosoka uja lonjezo lake mumalidziwa, chilichonse ndi mawa."

Anaseka onse awiri. Namwino akudutsa kupita kuntchito anaima, n'kumutsina tsaya mayiyo ndi kumukumbutsa kuti asadikire kuti zifike povuta, abwere msanga.

"Ndili ndi mantha anji?" anatero mkazi wa telala. "Chipatala chathu n'chophunzira. A Dokotala satha mwezi osapita kusukulu."

Namwino anayang'ana mkulu wake n'kumapita.

Zinachitika masana, dzuwa lili paliwombo. Adona ankayanika zovala kuseri kwa nyumba pamene mayi wokolopa kuchipatala anatulukira akuthamanga, nsapato imodzi itatsala m'njira.

"A Dokotala akuti mubweretse katoni ija. Akuti mukuidziwa. Mkazi wa telala wachira bwino, koma magazi sakuleka."

Adona analowa kuchipinda, n'kukwera pampando. Katoni ija inali ndi fumbi moti zala zake zinasiya zidindo. Tepi inali momwe inabwerera. Anaisenza pamutu n'kudutsa pakati pa odwala amene anali pamzere, mpaka kukankha chitseko cha chipinda chochilira ndi phazi.

Zimene anaona m'menemo anakhala nthawi yaitali osazisimbira munthu. Khanda linkalira pakabedi kapakona, litakulungidwa bwino. Namwino anali atawerama pa mayi uja, manja onse akufinya pamimba, thukuta likudontha pachibwano. Diripi inali ikuyenda, ndipo m'kambale munali majakisoni amene anali atabaya kale. Pansi ponse panali pofiira.

"Zonse zimene ndimadziwa ndachita, alamu," anatero Namwino osatembenuka. "Ambulansi akuti ili kuchipatala china, ichedwa. Tulutsani zanuzo."

A Dokotala anadula tepi ndi sizasi. M'katimo munali chovala chokhuthala cha malamba ambirimbiri, timapaipi tokhala m'mapulasitiki, ndi kabuku. Anatambasula chovalacho, n'kuchitembenuza, n'kuchitembenuzanso.

"Timayambira kuti?" anafunsa Namwino.

"Dikira."

"Kumiyendo kapena pamimba? Nanga timapaipito n'tachiyani?"

"Ndati dikira."

Anatsegula kabuku kaja. Adona anaona kuti maso a mwamuna wake ankangothamanga pamwamba pa mizere osaima paliponse. Ankafanana ndi mwana amene wapatsidwa mayeso a kalasi imene sanalowemo.

Mkazi wa telala anatembenuza mutu pang'onopang'ono. Milomo inali itayera, koma tsitsi lija linali lolukika bwinobwino, osasokonekera ngakhale mzere umodzi.

"Adona, mwabwera?" anatero motsitsa. "Ndikumva kuzizira. Mundifunditse."

Adona anavula juzi yake n'kumufunditsa pachifuwa. Anamugwira dzanja pamene a Dokotala ndi Namwino ankalimbana ndi malamba aja, kumanga, kumasula, kumanganso. Timapaipi tija sanatikhudze n'komwe. Ambulansi itafika anamunyamula, Namwino n'kukwera naye, atanyamula diripi m'mwamba.

Anabwerako dzuwa litapendeka, yekha, wapansi kuchokera pasiteji ya basi. Adona atamuona mmene ankayendera sanafunse. Namwino anakhala pansi pakhonde, pamalo pomwe amayi ankakhala polukitsa, n'kunena kuti mayiyo anatsirizika akulowa pageti la chipatala chachikulu.

Maliro atapita, kunabwera akuluakulu ochokera ku ofesi ya zaumoyo kudzafufuza za imfayo, monga amachitira mayi akamwalira pobereka. Anatsekera m'chipinda cha misonkhano m'mawa wonse. Galimoto yawo itangochoka, Namwino analowa m'nyumba, a Dokotala akumutsatira pambuyo.

"Asisi, khalani pansi mumve zimene amuna anu anena," anatero Namwino. Mawu ake anali osakwera, koma Adona akanakonda kuti akalipe. "Andifunsa chifukwa chimene sindinagwiritse ntchito zida zatsopano, pamene chipatala chino chinaphunzitsidwa kale. Ndisanatsegule pakamwa, alamu ayankha kuti atangobwera anatifotokozera tonse, ndipo zidazo anazipereka m'manja mwanga."

"Sindinanene choncho ndendende," anatero a Dokotala.

"Munanena bwanji?"

"Ndinati nkhaniyi tinakambirana. Kodi sitinakambirane m'nyumba muno?"

"Tinakangana, alamu. Kukangana si kuphunzitsa. Ine nditanena zoona, wamkulu uja anangoti mlamu ndi mlamu wake asabweretse za kunyumba pantchito. Mawu anga ndi anu, akhulupirira a mwini setifiketi." Anatembenukira kwa mkulu wake. "Koma pali munthu wina amene anaona. Asisi, katoni ija munaitsitsa ndinu pamwamba pa wodilopu. Tepi munaiona. Mayi wokolopa akuopa kuchotsedwa ntchito, sangalankhule. Akuluakulu aja abweranso. Mungodzanena zimene munaona, basi."

Adona anayang'ana mwamuna wake. A Dokotala anadzigwetsa pampando n'kugwira kumaso.

"Tsiku limene ankasonyeza zidazo ndinatuluka pang'ono," anatero. "Ndinali ndi zina zoti ndikonze m'tauni. Ndinkati ndidzawerenga kabuku. Ndani ankadziwa? Chakudza sichiyimba ng'oma. Ndipo ngakhale tikanamanga bwino, ndani angalumbire kuti akanapulumuka? Magazi anali atapita ambiri."

"Palibe angalumbire," anatero Namwino. "N'chifukwa chake tulo sindikutipeza. Akanamwalira nditayesa zonse, ndikanalira n'kupukuta misozi. Koma wamwalira chithandizo chili pamwamba pa wodilopu."

Anatuluka kupita kukaona mayi wina amene ankadikira kuchipatala. A Dokotala anasendera pafupi ndi mkazi wawo n'kutsitsa mawu.

"Mayi a ana, taganiza bwino. Iyeyu akamupeza wolakwa, angomudzudzula, mwina kumusamutsa. Akadali wamng'ono, alibe mwana, adzayambiranso. Koma ine akadziwa kuti ndinatenga malo a mzamba, zida n'kuzisunga kuchipinda, ntchito yatha. Nyumba ino ndi ya chipatala. Ana ali pasukulu. Tidzalowera kuti? Madzi akatayika saoleka. Mayi uja sadzuka chifukwa choti iwe walankhula."

"Ndi mng'ono wangatu ameneyu," anatero Adona.

"Ndipo ine ndine bambo wa ana ako."

Masiku otsatira Adona ankayenda ngati wodwala. Ankaluka mizere yokhota, makasitomala n'kumadandaula. Akaganiza zolankhula, ankaona katundu wake ali panja, ana atakhala pamatilesi. Akaganiza zokhala chete, ankamva mawu aja akuti mundifunditse. Khoswe anali atakhala pamkhate, ndipo iye analibe mtima woswa mkhatewo.

Akuluakulu aja atabweranso, Namwino anabwera kudzamutenga pakhonde.

"Asisi, tiyeni. Avomera kuti akumvereni."

Adona sanasiye mutu umene ankaluka. Anayankha maso ali patsitsi la kasitomala.

"Ine za chipatala sindizidziwa, mng'ono wanga. Ndinangotumidwa katundu. Sindinayang'anitsitse."

Namwino anagwedeza mutu pang'ono ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu chimene ankaudziwa kale, n'kubwerera yekha.

Chigamulo sichinachedwe. Namwino anapatsidwa chenjezo, ndipo anamusamutsira kuchipatala china chakutali, kumene basi imafika mwa apo ndi apo. Dzina lake linachotsedwanso pakati pa amene ankayembekezera kukawonjezera maphunziro. A Dokotala anangolangizidwa kuti aziyang'anira bwino antchito awo.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, Adona anamukonzera kamba wa paulendo n'kumunyamulira chikwama mpaka pasiteji. Njira yonse ankafunafuna mawu. Basi itaonekera ndi pamene anayamba.

"Chibale ndi fupa, mng'ono wanga, sichiola. Usandisungire kumtima. Ukadzakhala ndi banja udzamvetsa."

"Sindinakwiye, asisi," anatero Namwino. "Munandilera, munandilipirira sukulu ndi manja anu olukawa. Zimenezo sindidzaiwala. Koma musadzandiuzenso za kudekha. Ndinadekha, ndipo tinaika munthu m'manda."

Analandira chikwama chake n'kukwera. Kamba uja anamusiya pabenchi, kaya moiwala kaya mwadala. Adona anaima pomwepo mpaka fumbi la basi litatha.

Mzamba wina sanabwere msanga. Chipinda chochilira chinatsekedwa ndi loko, ndipo amayi oyembekezera anayamba kupita kuchipatala chachikulu pa njinga zamoto, ena n'kumachilira m'njira. Amene ankabwera kudzalukitsa ankayamba nkhani ya Namwino, kuti anali wamanja abwino koma mwina anatopa nayo ntchito, kuti achinyamata amasiku ano amaphunzitsidwa koma samva. Akakumbukira kuti akulankhula ndi mkulu wake ankasintha nkhani. Adona ankangoluka. Akamuimbira foni mng'ono wake, inkaitana mpaka kuduka.

Loweruka lina masana, a Dokotala akuwerenga nyuzipepala pabalaza zenera lili lotsegula, pakhonde panafika telala. Anali ataonda, kolala ya malaya ikulendewera. Kudzanja limodzi ananyamula khanda lija, kwinako kaphukusi ka pepala.

"Odi, Adona. Pepani ndabwera ndi mlendoyu, azakhali ake apita kumsika."

Adona anamupatsa mpando n'kulandira mwanayo. Anali wamkazi, wopepuka ngati mtolo wa thonje, ndi chipumi cha mayi ake.

"Ndabweretsa yunifomu ya a Namwino," anatero telala akumasula kaphukusi kaja. "Anandipatsa nsalu kalekale, zisanachitike zija. Ndinkangoti mawa, mawa. Dzulo ndiye ndinaikhalira pansi. Ndamva kuti anachoka, ndiye mwina inu mudzapeza wopita kumeneko. Asalipire."

Yunifomuyo inali yosokedwa mwaluso, yositidwa, mabatani ali ndondondo.

"Ndipo mukawauze mawu awa," anapitiriza telala, akuyang'ana pansi. "Anthu andiuza zonse. Akuti zida zinalipo, anawaphunzitsa, koma iwo anasokonezeka. Poyamba ndinawawidwa mtima kwambiri. Nsalu iyi ndinatsala pang'ono kuitentha. Koma ndaganiza kuti munthu ndi munthu, dzanja limaphonya. Inenso ndinadulapo nsalu ya mwini molakwika. Ndiye mukawauze kuti ndawakhululukira. Asamayende ndi katundu ameneyu. A Dokotala ndiye ndimawathokoza, ndamva kuti anayesetsa."

Khanda linayamba kusuntha, likufunafuna bere pachifuwa cha Adona. Iye analiyang'ana, n'kuyang'ana yunifomu ija, kenaka zenera. M'katimo nyuzipepala imene inkapokosera inali itasiya. Ankadziwa kuti mwamuna wake akumva. Ankadziwanso kuti akuluakulu aja anatseka kale nkhaniyo, kuti mawu amene akanathandiza mng'ono wake anali ndi tsiku lake, ndipo tsikulo iye analitha akuluka tsitsi.

Telala anadzuka n'kutambasula manja kuti alandire mwana wake.

"Bambo, takhalani pansi," anatero Adona. "Yunifomuyi ndikapereka ndekha. Koma uthenga wanuwo sindingautenge. Munthu amene mwamukhululukirayo sanakulakwireni."

Telala anabwerera pampando pang'onopang'ono. Adona anakonza kansalu kamene kanafunda mwanayo, n'kuyamba kufotokoza kuchokera pachiyambi.